Tambala Amene Anakana Kulira pa Chilumba cha ku Kanyama

Ndikukumbukira Kanyama wa m'dzinja, anzanga, ndipo ndikayamba kumukumbukira imatsogola ndi mphuno. Fungo la matope, utsi wa makala onyowa, chibwabwa, nkhwani wa kwathu, chikuwira m'chitini. Kanyama, komboni ya mu Lusaka, anakhala pa thanthwe. Mvula ikagwa madzi alibe kolowera, amangoima pakhomo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika, achule n'kumamuimbira nyimbo. Cholembera wagwira ndi mdzukulu wanga, ine ndagwira nkhani, poti sukulu ine ndinangoinunkhiza.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Azibambo ankabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, ovolosi ili m'khwapa, osayang'ana munthu kumaso. Bambo anga nawo anabwera choncho tsiku lina. Iwo anabadwira mu Lusaka momwemo, koma agogo anachokera ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito, n'chifukwa chake m'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa cha kumudzi, tikatuluka panja n'kuvala Chinyanja cha m'komboni. Ntchito ya bambo itatha, sukulu yanga inathera pomwepo. Amayi analira. Ine ndinangoona kuti nthawi ya masanje yachuluka.

Kuseri kwa nyumba zathu kunali kamtunda. Bambo wina anayamba kumangapo nyumba, anathira simenti pansi, nayenso ntchito n'kumuthera asanaimike khoma. Silabu ija inatsala yokha, yosalala, youma. Madzi akadzaza mbali zonse inkaoneka ngati mbale yoyandama, ndiye tinaitcha Chilumba. Ife ang'onoang'ono ndi amene tinasenza miyala kuchokera kwa azimayi ophwanya miyala, n'kuindandalika m'madzimo kuti anthu aziponda powoloka. Koma mwini Chilumba anali Esinati.

Esinati anali mtsikana wamtali, wa mawu okhuthala, ndipo amayi ake anali ndi kantemba, kasitolo kakang'ono ka m'komboni. Mchere ndi machesi zinkachokera kwa iye, ndiye pa masanje iye anali amayi nthawi zonse. Anzake akuluakulu ankagawana zotsalazo, wina abambo, wina azakhali. Ife tizing'onoting'ono tinali agalu. Ine galu, mapasa a nyumba yoyandikana nafe agalu. Mnzanga Tisa yekha ndiye anali tambala, chifukwa ngakhale anali wamfupi ngati mtondo, mawu ake ankafika mpaka kumsika. Ntchito ya galu wa ku Kanyama inali yodabwitsa: kutunga madzi, kutola tizidutswa ta makala, kukapempha ufa kwa amayi, kuuzira moto mpaka maso psuu. Zikapsa, galu sadyera m'mbale. Amaponyeredwa. Ukadandaula, Esinati ankangoti, "Galu sakamba. Uwa!" Ndiye iwe n'kuuwadi, misozi ili m'maso.

Panali lamulo limodzi lomwe ngakhale Esinati sankalithyola. Amayi akanena kuti "Kwada!" basi, kwada, ngakhale dzuwa likuwotcha pamutu. Onse amene ndi anthu ankagona pansi, kufunda chitenje kumutu komwe, kutsinzina, mpaka tambala alire. Wodzuka tambala asanalire ndi mfiti. Ndipo ku Kanyama dzina la mfiti silinkatsala pa masanje ayi, linkakutsata pampopi, kumsika, kutchalitchi. Ololedwa kuyenda usiku anali agalu ndi tambala basi. Esinati ankaukonda usiku umenewu. Mphika ukayamba kuwira iye ankalengeza kuti kwada, n'kugona akupuma, ife tikusonkhezera moto. Tambala akalira ankadzuka, kudziwongola, kumasula mfundo ya chitenje momwe ankamanga mchere, kuthira, n'kugawira anzake.

Tsopano abwere amalume anga a Fakisoni, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali kondakitala wa mabasi a boma, mabasi atatha anayamba salaula, malonda a zovala za kaunjika. Anali munthu wowerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira kapenta ankayamba aliwongola kaye. Belo la salaula ankalitsegulira pakhonde pathu, ife ana titazungulira, fungo lija la mankhwala a zovala likutitsamwitsa. Tsiku lina munatuluka sikipa yofiira. Pachifuwa panali chithunzi cha munthu wakuda atagwada bondo limodzi, kumwendo kuli unyolo woduka, dzanja lina lagwira chikwanje, akuliza chigoba cha nkhono yaikulu atayang'ana kumwamba.

Tisa anafunsa ngati munthuyo akumwa maheu. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Anati akuitana anzake kunkhondo, ndipo pansipa palembedwa kuti Haiti. Kenako anapisa m'belo natulutsa zipewa zitatu: kapusi, chipewa chaubweya, ndi chipewa cha mayi wachizungu chokhala ndi duwa. Anatikhazika pamphasa.

Anati Haiti ali pa chilumba, kutsidya kwa nyanja yamchere. Anthu akuda anabedwa kuno kwathu ku Africa kukalima nzimbe za Afalansa. Shuga ankakatsekemera ku Falansa, zikwapu zikutsala pamsana pa olima. Apa n'kuti amalume atavala kapusi, akuyenda monyada ngati Mfalansa. Akapolo aja atatopa anapangana, nayatsa minda ya nzimbe, utsi n'kuphimba dzuwa. Ndiye amalume anavula kapusi, kuvala chipewa cha duwa. Awa ndi Asipanishi, eni theka lina la chilumbacho. Anaitana akapolo aja ndi mawu a uchi: bwerani abale, nazi mfuti, nawa mayunifolomu. Osati chikondi ayi, ankangofuna kuti Mfalansa agwe, iwo atole. Anavalanso chaubweya chija mpaka m'makutu. Awa ndi Angelezi, afika ndi zombo, ati tadzakhazikitsa bata, chonsecho pa zilumba zapafupi ali ndi akapolo awoawo. Mfalansa ataona kuti mphika ukupita, anafuula kuti ukapolo watha, bwererani kwa ine. Anabwereradi, n'kumuthamangitsira adani ake. Zitazizira, yemweyo anatumiza asilikali ndi unyolo watsopano.

Amalume ankasintha zipewa mofulumira mpaka nthawi ina anavala ziwiri pamodzi, amayi n'kuseka ali kuseri kwa chitseko. Koma pena anatsitsa mawu. Anati mtsogoleri wa akapolo aja sanagwidwe pankhondo. Anamuitana kuti bwerani tikambirane, atafika n'kumumanga, kumukweza chombo, kukafera m'ndende yozizira ku dziko la eni. Koma anthu ake sanaleke. Malungo nawo anawathandiza kudya asilikali achilendo. Mapeto ake chilumba chinatsala m'manja mwa olima, ngakhale kuti maiko a azungu anawafulatira, osafuna ngakhale kuwapatsa moni.

Tisa anafunsa kuti, "Manje ba malume, wabwino pali batatu aba anali ndani?"

Amalume anavula zipewa zonse, kuziponya m'belo. Anati, "Wabwino anali shuga, mwanawe. Onse atatu ankamukonda. Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma uziyamba wafunsa kuti wadzameta ndani."

Sabata ya Khirisimasi mayi wina wogulitsa nkhuku zoyera zija, zomwe zinali zitangoyamba kuchuluka m'komboni, anaitana ife agalu ndi tambala kuti timuthandize kusosola. Tinasosola kuyambira m'mawa. Madzi otentha anatisupula zala, nthenga zonyowa zinatimatirira mpaka m'nsidze. Pomaliza anatipatsa mitu ndi miyendo ya nkhuku yodzaza kabeseni. Anzanga, chaka chimenecho nyama m'nyumba zambiri inali nkhani yongomva. Tinanyamula kabeseni kaja ngati tanyamula khanda. Esinati anakumana nafe panjira, anasuzumira, nati mawa kuli masanje aakulu pa Chilumba, ndipo agalu asadandaule, mafupa adzachuluka.

Atapita, Tisa anandikoka nakandinong'oneza kuseri kwa chimbudzi. Anati, "Nele, ise ndise ba Haiti. Mailo sinizalila." Ndiko kuti mawa salira. Ine ndinaopa, koma mitu ya nkhuku ija inandilimbitsa mtima.

Ku Kanyama chinsinsi chimagona usiku umodzi wokha, ndipo chathuchi sichinagone n'komwe, poti tinauza mapasa aja, amene anali ndi pakamwa pawiri. Madzulo omwewo anatipeza Bupe, mtsikana wamkulu wa kutsidya kwa ngalande, amene masanje ake ankachitira m'matope ndipo ankadana ndi Esinati chifukwa cha Chilumba. Anatisisita mitu, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anati, "Mwe bana, namvela. Nizabwela na banzanga kumuimbila Esinati. Mchele nili nao, musavutike." Asanapite patali anatulukira Jairosi, mkulu wa anyamata a mpira. Bwalo lawo linali litamira, achule akuchitirapo msonkhano. Anati iwo adzakhala asilikali athu, wotikhudza adzaona. Polankhula maso ake sanali pa ife, anali pa simenti youma ija.

Ine ndinaona chipewa cha duwa pamutu pa Bupe, chaubweya pamutu pa Jairosi. Ndinauza Tisa kuti tikane. Iye anati ayi, tivomere onse, adzatopetsana okha.

Kutacha tinawoloka ndi mphika wathu wopanda chogwirira. Mvula inali itakata, dzuwa likuwawula, nthunzi ikukwera m'madzi. Tinakoleza moto, mitu ndi miyendo inayamba kuwira ndi tomato wophwanyika wotola kumsika. Fungo linafika poti ngakhale agalu enieni anabwera kudzakhala m'mphepete mwa madzi. Esinati analawa msuzi ndi chala, anayasamula mwaufumu, nati, "Kwada!" Iye ndi anzake anagona pa simenti, kufunda zitenje.

Ife tinakhala pa moto. Tisa anakwera pa njerwa yake ya utambala, anapinda manja, n'kukhala chete.

Poyamba akuluakulu aja anagona bwino, wina mpaka kuyerekeza nkonono. Kenako simenti inayamba kuwawotcha. Zitenje zinayamba kugwedezeka ngati muli mbewa. Mawu anatuluka pansi pa chitenje: "Tambala, lila."

"Kukali usiku, ba mayi," anatero Tisa.

Panapita nthawi. Thukuta linayamba kuonekera pa zitenje. "Iwe Tisa, lila manje manje, nizakumenya!"

"Gonani ba mayi, mwezi ukali pamwamba."

Ine ndinkafuna kuseka, koma poti galu saseka, ndinauwa. Mapasa nawo anauwa. Kutsidya n'kuti Bupe atafika ndi gulu lake, atandanda m'mphepete mwa madzi, manja ali okonzeka kuwomba. Esinati ankawamva. Ankadziwa chimene akudikira. Anapirira, mwana wa eni, ndimupatse ulemu wake, anapirira mpaka msana unatsala pang'ono kupsa ngati chimanga chootcha. Koma atamva ine ndikuvundukula mphika, anadzambatuka.

Kutsidya kunaphulika nyimbo ndi m'manja: "Mfiti! Mfiti yayenda usiku!" Esinati anaima, chitenje chili m'manja, kuyang'ana uku ndi uku. Anzake anadzukanso, nawo n'kusanduka mfiti. Anathawa akudumpha pamiyala, Esinati ali patsogolo, mchere wake uli pamfundo, akulumbira kuti tidzaona.

Tinavina, anzanga! Tinavina mozungulira mphika, agalu atatu ndi tambala mmodzi, mapazi akuwomba pa simenti yathuyathu.

Sitinamalize n'kuvina komwe. Bupe anaponda mwala woyamba, kapepala ka mchere kali m'manja. Anati tsopano amayi ndi iye, ife tikhala ana ake okondedwa, koma kwa lero lokha tikhale kaye agalu poti agalu akusowa. Pomwepo Jairosi anatulukira ndi anyamata ake, mpira wa mapepala uli m'khwapa, atavala nsapato zoyera za salaula zomwe anamugulira za Khirisimasi. Anamukoka Bupe kuti atsike pamwalapo, ati asilikali ndiwo amayamba kulowa. Bupe anati anayamba kupangana nafe ndi iye. Jairosi anati mtsikana sangamuuze zochita. Anatukwanizana za mphuno, za miyendo, mpaka za agogo awo.

Ali mkati mokangana, ife tinalowa m'madzi mwakachetechete n'kuyamba kuzula miyala ya mbali yathu. Tinaiika ndife, tinaichotsa ndife. Pamene ankatembenuka, njira inali itathera pakati pa madzi.

Bupe anayang'ana madzi obiriwira aja, anayang'ana diresi lake, nabwerera. Jairosi, poti anyamata ake ankamuyang'ana, anafika pamwala womaliza, naona ngati afupikitse podumphira kumanzere. Kumanzereko n'kumene azimayi anakumbapo miyala chilimwe. Anangoti phava! mpaka m'chifuwa. Anatuluka ndele zili kumutu, nsapato imodzi yoyera yasanduka yakuda, inayo yatsala pansi. Asilikali ake anaseka mpaka kugwa, nkhondo ya Angelezi n'kuthera pomwepo. Jairosi anapita akutsimphina, akuganiza zokanena kwa amayi ake.

Tinangoti tikhale pansi tidye, kamlongo kake ka Esinati kanafika kutsidya n'kufuula: "Tisa! Ba mayi bakuitana ku kantemba!"

Tinayang'anana. Ine ndinati, "Tisa, kumbukira za amalume. Anamuitana kuti tikambirane." Tisa anati akukumbuka. Koma inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Mayi wa mnzako akakuitana ndiye kuti akuitana ndi amayi ako. Ukakana, nkhani imafika kwanu iwe usanafike, ndipo chikwapu chimakudikira pakhomo. Ukhoza kuukira Esinati, ukhoza kumiza Jairosi, koma sungakane kuitana kwa munthu wamkulu. Tisa anakwinya diresi, analowa m'madzi, nawoloka.

Kunalibe amayi alionse. Atangoponda pouma, Esinati anatulukira kuseri kwa mpanda n'kumugwira dzanja. Anamukokera m'mphepete mwa madzi kuti timuone bwino. Anati tibweretse mphika, apo ayi tambala wathu azulidwa nthenga. Mapasa anayamba kulira. Ine ndinagwira mphika ndi masamba, ndinaunyamuladi.

Apo m'pamene Tisa anatsegula kukhosi kuja. Mawu ake anadzutsa nkhunda pamadenga: "Nele, ika pansi! Idyani! Idyani vonse!" Anapuma pang'ono, n'kuwonjezera: "Koma munisiyileko mutu umozi!"

Ndinauika pansi. Tinakhala mozungulira, Esinati akuona, Bupe akuona, ndipo tinadya. Munalibe mchere ngakhale kambewu kamodzi. Wa Esinati unali pamfundo, wa Bupe unabwerera ndi mwini wake. Koma ndikukuuzani, ndadya nkhuku m'maukwati, ndadya ya m'mafuta ya m'tauni, palibe inandikomera ngati miyendo yozizira mchere ija. Tinkaphwanya tizifupa ndi mano, kuyamwa, msuzi ukutsikira m'zigongono, popanda wotiponyera, popanda wotiuza kuti uwa.

Phokoso la Tisa linaitana amalume, amene ankadutsa ndi belo pamutu. Anaima, anayang'ana miyala yozulidwa, nsapato ya Jairosi yomwe tsopano inali itayandama, ife pamphika, Tisa m'manja mwa Esinati. Anatula belo, anakhalapo, n'kuseka mpaka misozi. Esinati anachita manyazi, namusiya. Amalume anapinda buluku, anamubereka Tisa kumsana n'kumuwolotsa okha. Anati, "Uyu yekha sakafera kozizira." Tinamusungira mitu iwiri, osati umodzi. Amalume tinawapatsa mwendo. Analawa, anakwinya nkhope, nati ufulu ndi wokoma koma ukusowa mchere.

Ndipo unasowadi. Dzinja lonselo palibe mtsikana wamkulu anatibwerekako mchere kapena machesi. Pampopi ankatifulatira. Moto tinkachita kukapala kunyumba pa chigoba cha chitini, ndiwo tinkadya zozizira. Koma pa Chilumba panalibenso galu. Aliyense ankakhala amayi tsiku lake, ngakhale mapasa, amene ankapsereza chilichonse. Mvula itatha madzi anaphwa, Chilumba chinasanduka silabu wamba, anyamata n'kuyamba kumenyerapo mpira. Sitinadandaule kwambiri. Tinali titadya kale.

Lero pamalopo pali nyumba ya mpanda wautali ndi geti lachitsulo. Madzi okha ndiwo sanasinthe, amabwerabe chaka ndi chaka osatsanzika. Ana a masiku ano masanje sawadziwa, amaphika m'foni zakudya zosanunkhira. Mdzukulu wangayu anandifunira Haiti m'foni momwemo. Akuti kuli mavuto mpaka pano, ndipo alendo akulowabe ndi kutuluka, aliyense ndi chipewa chake. Ndinawamvera chisoni ngati abale, poti ndinakhalapo mmodzi wa iwo tsiku lathunthu. Kuno kwathunso tawaona ambiri obwera ndi kapepala ka mchere m'manja, ndipo ine ndimayamba ndayang'ana kumene maso awo aloza.

Amalume anatisiya kale. Jairosi ndi mkulu wa mpingo, amayenda mozemba zithaphwi. Esinati ndi mnzanga wapamtima, timakhala benchi limodzi kutchalitchi. Chaka chatha Tisa ankakwatitsa mwana wake, tonse tinali kuseri kwa nyumba tikusosola nkhuku za ukwati. Esinati, imvi zili mbuu, anatola mutu wa nkhuku, anauyang'ana, naloza nawo Tisa. Anati, "Iwe, ukudziwa kuti masanje aja sanathe? Sunalire. Ine mpaka lero ndikadali mfiti. Lira tsopano undimasule."

Azimayi onse anasiya mipeni, kudikira. Tisa, mayi wonenepa wa zidzukulu zake, anaimirira, anapukuta manja pachitenje, anakweza khosi, anakoka mpweya. Kenako anatenga beseni la nkhuku zosasosola n'kuliika pamiyendo pa Esinati.

"Kukali usiku, ba mayi," anatero. "Sosolani."